Laputopu Yanga Ili M'thumba la Mpunga

Achimwene anga a ku Joni atandifunsa pa foni kuti andigulire tabuleti kapena laputopu, ndinayankha mosaganiza n'komwe.

"Laputopu, achimwene. Tabuleti ndi ya ana."

"Koma chemwali, iwe umatandala kumunda. Uzikaiika pati?"

"Ndili ndi zolemba zambiri," ndinanama. Zoona zake, ndinkangofuna kuti amayi anzanga a kusikimu ya mpunga ya Likangala andione ndikuitsegula ngati wa muofesi. Kulemba komweko ndimalemba ndi chala chimodzi.

Inafika mpunga utayamba kucha, nthawi yopirikitsa mbalame. Ndinakhala m'mphepete mwa munda, laputopu pamiyendo, anzanga atatu atandizungulira. Mwadzidzidzi mpheta zinatera mumpunga. Ndinadzambatuka n'kukuwa monga ndimachitira chaka chilichonse. Mbalame zinathawa, koma laputopu inali itagwa chafufumimba m'matope.

"Ikanakhala tabuleti, bwenzi ili m'manja," anatero mnzanga wina, akubisa kuseka.

Achimwene ataimbanso, ndinawauza kuti yalowa vairasi. Anandimvera chisoni, mpaka anatukwana amene anawagulitsa.

Anthu amati mpunga umayamwa madzi, ndiye ndinaikwirira m'thumba. Uno ndi mwezi wachitatu. Mpunga wa m'thumbamo tikudya, ndipo dzulo ngodya ya laputopu yayamba kuonekera.