Ng'ombe ya pa chiliza

Ndinachoka ku Tsangano mu 1999, ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Akuba anali atakusa ng'ombe zanga zonse n'kuwoloka nazo malire. Pabanja pathu wogawa nyama pa ukwati ndi pa maliro ndinali ine, ndipo wogawa nyama wopanda khola anthu amamuseka. Ndinakwera basi ya ku Joni.

Ntchito ndinaipeza m'sitolo ya Mkoreya wina, yonyamula makatoni. Ana obadwa dzulo ankandiitana ndi likhweru. Ndalama ndinkapatsira oyendetsa mabasi, zina zinkafika, zina ayi. Uthenga wochokera kumudzi unali umodzimodzi: feteleza wakwera. Wofunsa ngati ndadzuka bwino panalibe.

Chaka china pa Khirisimasi bwana anatitengera kumalo odyera a anthu akwawo. Ndinakwiya nditangokhala pansi. Tebulo analiboola pakati n'kuikamo mbaula ya makala. Anatibweretsera nyama yaiwisi, yopyapyala ngati tsamba, ati tiwotche tokha. Ndinafunsa mnzanga wa ku Dedza ngati ophika anyanyala ntchito. Nyamayo ankaidula ndi sizasi ngati atelala, n'kumaikulunga m'masamba aawisi pamodzi ndi kabichi wowawasa wa tsabola. Timitengo tawo todyera ndinatikankhira kumbali. Ndili ndi zala.

Koma nyama itapsa palibe anaigwira. Bwana anafunsa zaka za aliyense. Atamva zanga anaimirira, anatola nthuli yoyamba n'kuika m'mbale yanga, kenaka anandithirira mowa atagwira botolo ndi manja awiri. Pomwa wake anayang'ana kumbali. Wa ku Dedza uja anandigunda ndi chigongono.

"Idyani madala, akudikira inu. Ife tifa nayo njala pano."

Ndinatafuna pang'onopang'ono, mwadala. Nyamayo anaithira shuga, sindinaikonde. M'mawa mwake ndinabwerera ku makatoni.

Akazi anga anamwalira ndili komweko. Uthenga unandipeza ataikidwa kale. Ndinabwerera kumudzi mu 2004, nthawi ya kampeni, ndipo ndinagula ng'ombe imodzi yoti iphedwe pa tsiku loika chiliza chawo. Ndinafuna kuigawa ndekha, aliyense mbali yake monga mwa ukulu wake.

Tsikulo pochokera kumanda ndinapeza ng'ombe itaphedwa, itagawidwa. Amene anagawa ndi Yohane, mwana wa mlongo wanga. Chiwindi, chomwe amayamba kulawa mkulu wa pabanja, anali atawotchera mnyamata wina wofuna uphungu amene anabwera pa galimoto. Anamukhazika pa mpando wanga, akudya ndi foloko. Mnyamatayo malemuwo sankawadziwa n'dzina lomwe. Ine anandipatsa mbale ya pulasitiki, muli mafupa ndi matumbo.

Ndinamuitana Yohane pambali n'kumufunsa amene anamutuma.

"Malume, musatichititse manyazi. Zinthu zinasintha muli ku Joni. Awa ndi abwana, atilonjeza mjigo."

Ndinamuuza kuti bwana ndinamuonapo ine, mwini sitolo, wa khungu lina, ndipo anadikira kuti wonyamula makatoni ayambe kudya. Yohane anaseka, ati amalume abwera ndi nthano. Mbale ija ndinaisiya pansi, galu anadya. Kuchokera tsikulo sindikhala pamene akugawa nyama, ndipo palibe anabwera kudzandifunsa chifukwa chake.

Mjigowo mpaka lero kulibe. Ine ndinataya ng'ombe zisanu ndi ziwiri kwa akuba, zaka zisanu ku Joni, msana wanga, mkazi amene sindinamuike m'manda, ndi malo anga pakati pa abale anga.