Khoma la Che Sadiki

Kuseri kwa masitolo a mumsewu wa Malangalanga, ku Old Town, kunali kashedi ka malata komwe Che Sadiki ankalemberamo zikwangwani. Anabwera ku Lilongwe kuchokera ku Mangochi akadali mnyamata, nthawi imene City Centre inkamangidwa kumene. Sukulu sanapite nayo patali, chifukwa bambo awo ankaopa kuti mwana akalowa m'kalasi la amishoni abwerako ndi dzina lina. Anaphunzira ku madrasa, ndipo kumeneko dzanja lawo linazolowera kupinda zilembo. Mawu a Chingerezi ankangowakopera ngati maluwa a pansalu, koma ankatuluka owongoka kuposa a anthu ophunzira. Ometa tsitsi, ogulitsa matayala ndi eni maminibasi onse ankadziwa njira ya kukashediko.

Anakwatira Sauda, mayi wa mawu ochepa amene ankagulitsa mandasi pafupi ndi mzikiti. Ana awiri oyamba anamwalira ali akhanda. Wachitatu, Mudathir, ndiye anakula, ndipo makolowo ankamusamala ngati dzira.

Mu 1999 kunabwera mlendo wovala tayi, wolankhula Chichewa cha kumpoto. Anali a Mackford Gondwe a ku Rumphi, amene anasiya ntchito m'boma n'kutsegula sukulu yawoyawo ku Area 15. Ankafuna kuti pakhoma lalitali la mpanda wa sukuluyo pajambulidwe nkhope zinayi: Chilembwe, Nkrumah, Nyerere ndi Mandela.

"Ine nkhope sindijambula, aphunzitsi," anatero Che Sadiki. "Ndimalemba zilembo basi. Komanso kwathu zojambula anthu sitizikonda."

"Ndaona tambala amene munajambula pasitolo ya chakudya cha nkhuku," anayankha a Gondwe. "Ngati munakhoza diso la tambala, la munthu silingakukanikeni."

Che Sadiki anakafunsa Shehe wa pamzikiti wawo. Shehe anati nkhaniyo ndi yolemera, ndipo aliyense adzayankha yekha pamaso pa Mulungu. Che Sadiki anabwerera kunyumba mtima uli pawiri, koma mawa lake ananyamula makwerero.

Ntchitoyo inatenga miyezi iwiri. Masana aliwonse ana akaweruka, a Gondwe ankakoka mpando n'kukhala pamthunzi, kumafotokoza mbiri ya munthu amene ankajambulidwayo. Che Sadiki anamva kuti Chilembwe anaphedwa mu 1915 ndipo manda ake sadziwika pamene ali. Anamva kuti Nkrumah anachotsedwa pampando n'kukafera kunja kwa dziko lake. Mafunso awo sanali a m'mabuku. Ankafunsa kuti mkazi wa munthuyo anatsala ndi ndani, ana ankadya chiyani, anakawauza mayi ake ndani. Kawirikawiri a Gondwe ankagwira pakamwa n'kuvomera kuti zimenezo sanaziwerengepo. Mkhristu ndi Msilamuyo anakhala mabwenzi pakhoma pomwepo.

Nkhope ya Mandela ndiyo inatuluka bwino koposa, imvi zili mbuu, ikumwetulira. Madalaivala ankachepetsa liwiro kuti aione. Che Sadiki akafika kunyumba ankabwereza kwa Sauda ndi Mudathir zonse zimene amva: munthu wokhala m'ndende zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, n'kutuluka osabwezera aliyense. Nkhani imeneyi anaifotokoza zaka zambiri, mpaka Sauda ankaimaliza yekha akusefa ufa.

Mudathir anakula n'kuphunzira kuwotcherera zitsulo. Ntchito m'tauni inali ya apo ndi apo, ndipo anzake ambiri anali atapita ku Joni. Mu 2012 anauza makolo ake kuti nayenso akupita. Sauda anakana, nati mwana mmodzi sayenda ulendo wotero. Amene anamulankhulira anali bambo ake.

"Msiyeni apite, amayi ake a Mudathir. Dziko limene lija anthu ake anavutikapo, amadziwa kuti mlendo ndi munthu."

Mudathir anapeza malo pagalaja ina ku Durban. Ankaimba foni Lachisanu lililonse akatuluka mumzikiti. Anatumiza bulangeti lolemera la mayi ake ndi mabulashi abwino a bambo ake, amene Che Sadiki ankawaumira, osafuna kuwaviika m'penti wamba.

Mu Epulo 2015 wailesi inayamba kulengeza kuti ku Durban alendo akuthamangitsidwa ndi kumenyedwa. Lachisanu linafika, foni osalira. Boma litatumiza mabasi kukatenga Amalawi, Che Sadiki ankapita kudepoti tsiku ndi tsiku, kuyang'ana aliyense wotsika ndi chikwama. Sabata yachiwiri kunabwera Ayub, mnzake wa Mudathir amene ankagona naye chipinda chimodzi. Anafika pakhomo m'mawa, anavula nsapato, anakhala pansi osayang'ana munthu kumaso. Anati gulu la anthu linawapeza akutseka galaja. Iye anathawira m'ngalande. Mudathir anabwerera kukatenga pasipoti, ndipo sanatulukemo wamoyo. Asilamu a kumeneko anamusambitsa, kumukulunga m'nsanda ndi kumuika tsiku lomwelo, koma Ayub anali akubisala, ndipo sankadziwa dzina la manda ake.

Sauda sanakuwe. Analowa m'nyumba, anayala mkeka, anagona choyang'ana kukhoma. Sanawanenepo amuna ake kuti ndinu munamulola, ngakhale kamodzi, ndipo Che Sadiki ankati bola akanawanena. Anachita sadaka patatha masiku makumi anayi, popanda manda okaimapo.

Chaka chotsatira a Gondwe anatumiza uthenga kuti mvula ndi dzuwa zafufutitsa khoma, likufunika kulibwereza. Che Sadiki anapita. Anakonza Chilembwe, anakonza Nkrumah ndi Nyerere. Atafika pa nkhope yachinayi anatsika pamakwerero n'kuyamba kutsuka mabulashi.

"Mwatopa, achimwene?" anafunsa a Gondwe.

"Uyu ndiye ayi. Pezani wina."

A Gondwe sanawakakamize. Anakoka mipando iwiri.

"Ndinamunamiza mwana wanga, aphunzitsi," anatero Che Sadiki. "Ndinamuuza kuti dziko la munthu uyu ndi labwino. Ine dzikolo sindinaliwonepo. Ndinangoona chithunzi chimene munandipatsa inu."

"Ndiye kuti ndinayamba kunama ndine," anayankha a Gondwe. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Pali china chimene sindinakuuzeni nthawi ija, poti ndinkaona ngati si cha mayeso. Mandela ali m'ndende, mwana wake wamwamuna woyamba anafa pangozi ya galimoto. Anapempha kuti akaike maliro, anamukaniza."

"Sanaponyeko dothi?"

"Sanaponyeko."

Che Sadiki anadzuka pampando. Kenaka ananyamula zitini zawo n'kumapita, osatsanzika. Anabweranso patapita masiku atatu, n'kukwera makwerero asanapereke moni kwa aliyense. Nkhope imene anajambula ulendo uno inali ya nkhalamba yotseka pakamwa, maso ofooka. Makolo ena anadandaula kuti chithunzicho chikuopsa ana. A Gondwe anawayankha kuti chikhala choncho.

Nkhope ya munthu Che Sadiki sanajambulenso ina. Maso anayamba kuchita nkhungu, ndipo makina osindikiza zikwangwani anawalanda makasitomala. Ankayenda wapansi mpaka ku Area 43, kumene nyumba zikuluzikulu zinkamera ngati bowa, kukalemba manambala pamageti ndi machenjezo a agalu olusa. Alonda ankawapatsa madzi pa kampata ka geti. Eni nyumba ambiri sanawaonepo nkhope.

A Gondwe atadwala shuga anagulitsa sukulu n'kubwerera ku Rumphi. Ogulawo anasandutsa malowo maofesi. Tsiku lina Che Sadiki akudutsa ku Area 15 anapeza anyamata awiri akupaka khoma lonse penti yotuwa, atatsala pang'ono kufika pa Nyerere. Anaima tsidya lina la msewu mpaka anyamatawo anamaliza. Kunyumba anangouza Sauda kuti penti imene apaka pakhoma lija inali yabwino, ya mafuta, sidzasuluka msanga.

Che Sadiki anamwalira dzinja lathali, Lachiwiri m'mawa, chifuwa chitawagwira sabata imodzi yokha. Anaikidwa dzuwa lisanapendeke, monga mwa mwambo. Uthenga unafika mochedwa ku Rumphi, ndipo a Gondwe anatsika basi Lachinayi, akuyenda ndi ndodo, n'kupeza anthu atabalalika kale. Sauda anawayalira mkeka pakhonde. Anakhala pamenepo awiriwo, mvula ikuwaza pamalata.

"Ankakutchulani," anatero Sauda pamapeto pake.

A Gondwe anapempha kuti wina awaperekeze kumanda. Mphwake wa malemuyo anawatengera kumeneko, n'kuwalozera mulu wa dothi lofiira umene mvula inali itayamba kale kuuphwasula m'mbali. Anaima pamenepo chipewa chili m'manja, osadziwa ngati n'kololedwa kupemphera mwa chikhristu pamalo otero. Anapemphera chamumtima, kenaka anafunsa njira yachidule yopita kudepoti.