Mbande Yofika M'bondo

Fungo la dothi lonyowa la m'machubu a mbande limandichititsabe manyazi, ine amene ndimaliritsa mavenda ponenerera.

Tili ana ku Chilomoni, a bungwe loteteza zachilengedwe anabwera kusukulu ndi mbande za mbawa. Anati phiri la Michiru likumetedwa mpala, ndipo amene mtengo wake upulumuke adzakwera galimoto lawo kukaona mapanga a afisi. Galimotolo ndinkalilota.

Koma ine anandipatsa kambande konyozeka, masamba awiri basi. Mawa lake ndinaona mnzanga Yusufu atanyamula yofika m'bondo.

"Aise, tisinthane."

"Uwonjezera chani?"

"Chitumbuwa."

"Ziwiri, ndi legeni yako."

Ndinanenerera mpaka anavomera chimodzi, legeni osakhudza. Ndinabwerera kwathu ndikuyenda ngati bwana.

Ndinaithirira m'mawa ndi madzulo, koma inangofota. Mayi wina wa bungwe lija atabwera kudzayendera mbande n'kuigwira pang'ono, inazuka yonse.

"Mwanawe, iyi ndi nthambi yongozika. Mizu ili kuti?"

Kani mbande ya Yusufu inadyedwa ndi mbuzi, iye n'kuthyola nthambi. Anakwera galimoto chifukwa cha kambande kanga, akundibayibitsa pawindo.

Mpaka lero, wogulitsa akavomera msanga, ndimayamba ndasuzumira kunsi kwa katunduyo.