Chipata cha Kaisara ku Mpingwe

Mpaka lero, abusa akamawerenga za Aroma m'tchalitchi, m'kamwa mwanga mumadzaza malovu owawa. Kaisara wanga ine ndinamuona ndi maso. Anali mzungu wogula fodya, wamimba, wokhala m'munsi mwa phiri la Mpingwe.

Njanji inali itangofika kumene ku Limbe, ndipo mzungu aliyense ankafuna nyumba ya njerwa. Bambo anga anali mmisiri womanga, wophunzira ntchitoyo ku mishoni, komanso mkulu wa mpingo, munthu amene anthu ankamupatukira m'njira. Ine ndinali nditakwatira kale, ndili ndi mwana mmodzi, ndipo ndinkamanga limodzi nawo. Nyumba ya mzunguyo tinaimaliza bwinobwino. Tikutolera zipangizo kuti tizipita, iye anatulukira pakhonde ndi chibuku chonunkha nkhungu, chodyedwa ndi mphemvu m'mphepete.

Munali zithunzi za mafumu a Aroma, mitu yokhayokha yosemedwa pamwala, masamba ali kumutu, ena mphuno zitathyoka. Iye ankawatchula mmodzimmodzi ngati amalume ake. Kenaka anatsegula pamene panali chipata chachikulu, chokhota pamwamba ngati uta. Pansi pake pankadutsa mfumu ili pagaleta, ndipo m'mbuyo mwake munali anthu omangidwa m'makosi, akazi ndi ana omwe. Bambo anawayang'ana nthawi yaitali anthu omangidwawo. Amayi awo, agogo anga, anafika kuno ali m'goli.

"Iwe, boyi," anatero mzunguyo m'Chinyanja chake chothyokathyoka, kuuza bambo anga a imvi mbuu. "Funa chipata chomwecho. Apo, panjira."

Chipata popanda mpanda! Uku tchire, uku tchire, mbuzi zikudutsa paliponse pamene zafuna. Koma bambo anangoti, "Tingamange, bwana. Mutipatse laimu womangira njerwa, ndipo mutipatsenso nthawi yoti chiume."

Laimu anakana, ati dothi la pachulu likwanira. Nthawi anakananso, chifukwa anali ataitana kale anzake a ku Mandala kuti adzaone chipatacho Loweruka la sabata yachiwiri. Imeneyo inali nthawi ya dzinja, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Tinakweza nsanamira ziwiri, tinakhoma matabwa okhota pakati pake, tinawachirikiza ndi mitengo yokhazikidwa pa zikhomo, ndipo tinayala njerwa pamwamba pa matabwawo mpaka zinakumana pakati. Bambo anandiuza kuti uta woyalidwa bwino sugwa wokha. Choopsa ndi nsanamira zosauma, chifukwa ukachotsa matabwa, kulemera konse kumazikankhira kunja. Lachisanu ndinapanikiza chala pakati pa njerwa za nsanamira ya kumanzere, chala chinalowa.

Loweruka alendo anafika, ena pamachila, madona pagaleta. Anawaikira mipando pakapinga ndi kuwathirira tiyi. Ndiye mwini nyumba n'kutuluka atadzikulunga nsalu yoyala pabedi, masamba a bulugamu atawamangirira kumutu. Asa! Munthu wamkulu, wandevu, mawondo ofiira ali pamtunda. Anzake anaseka mpaka kutsokomola, iye akuyenda monyang'wa ngati tambala.

Analankhula Chingerezi kanthawi, kenaka kapitawo wake anatimasulira. Ati ku Roma kunali mwambo: pochotsa matabwa, mmisiri amene wamanga ankaima pansi pa chipata, kuti ngati wanama pa ntchito, njerwa zimuweruze. Patapita zaka ndinafunsa mphunzitsi wina wa ku mishoni ngati zimenezi zinalidi zoona. Anati iye sanaziwerengepo paliponse. Kaya zoona kaya zabodza, tsiku limenelo zinagwera bambo anga. Kapitawo anawonjezera kuti akakana, ndiye kuti akudziwa okha kuti ntchito yawo ndi yabodza, ndipo palibe mzungu wa ku Limbe kapena ku Blantyre amene adzawalembenso.

"Bambo, tiyeni tizipita," ndinatero. "Asiyeni ndi chipata chawo. Kapena ndiime ine."

"Iwe uli ndi mwana wa m'manja," anayankha motsitsa mawu. "Tenga nyundo. Ukaipereka kwa wina, amenya mwaphuma. Menya zikhomozo wekha, uku kamodzi, uko kamodzi. Usathamange."

Anavula chipewa n'kukaima pakati penipeni, mu thalauza lawo loyera la ku tchalitchi, limene anavala chifukwa anamva kuti kubwera alendo. Ine ndinagwada pa chikhomo choyamba, mapazi awo ali pafupi ndi nkhope yanga. Ndinamenya. Ndinazungulira mbali ina, ndinamenyanso. Kumbuyo kwanga masipuni ankalira m'makapu, ndipo mzungu wina ankakambirana ndi mnzake moseka, akuloza chipatacho ndi kaliwo wake wa fodya. Ndinawada anthu amenewo. Ndinadana nawo onse, ndi Aroma awo omwe, ndi manja anga amene ankamenya.

Pa kumenya kwachisanu matabwa anatsika pang'ono, ndipo m'mwamba munamveka kuti tswa! Dothi linayoyokera pamutu pa bambo. Dona wina anakuwa. Ine nyundo inandipulumuka. Bambo sanasunthe, anangoti, "Maliza."

Ndinamaliza. Tinasolola mitengo, tinatsitsa matabwa, ndipo chipata chinaima.

Anaomba m'manja, eee, anaomba kwambiri. Ankaombera yani? Mwini nsalu ya pabedi uja! Anamuzungulira, kumugwira chanza, iye n'kudutsa pansi pa chipatacho chibwano m'mwamba, n'kuwakankha bambo ndi chigongono kuti apatuke. Mpamene dona wina wachitsikana anagwira pamphuno, n'kunong'oneza mnzake, onse awiri n'kuyamba kuseka akubisa nkhope m'zipewa. Ndinatsata kumene ankayang'ana. Thalauza loyera lija linali litanyowa kumbuyo, ndipo si ndi mvula. Bambo anga, mkulu wa mpingo, anali atadziipitsira ali chiimire, ndipo anaimabe pompo mpaka ine nditamaliza.

Ndinavula malaya anga n'kuwamangirira bambo m'chiuno. Sitinatsanzike munthu. Tinalowa m'tchire, ine kumbuyo kwawo, mpaka pa kamtsinje ka kumunsi. Ndinawafulatira iwo akusamba, kenaka ndinachapa thalauzalo ndekha, ndikulira ndi ukali ngati mwana. Anakhala pamwala, malaya anga ali pamiyendo. Ndinayembekezera kuti atukwana, kapena apemphera.

"Chaima," anatero patapita nthawi. "Waona? Ndi dothi lokha, chaima."

"Chaima, bambo."

"Usawauze amako."

Kuyambira tsiku limenelo sanagwirenso njerwa. Azungu ankatumiza anthu kudzawaitana, chifukwa mbiri ya chipatacho inamveka Limbe yense, koma iwo ankati msana ukuwawa. Amayi ankawathowa msanawo ndi madzi otentha m'mawa uliwonse, akundikalipira ine kuti ndinawalekerera bambo kunyamula zolemera. Ndinkangovomera kuti ndinalakwa. Amayi anamwalira akudziwa kuti unali msana.