Makadi Omatidwa Selotepi

Katoni ija inafika ku Kawale pamutu pa alamu anga, pamodzi ndi ketulo yopanda chivundikiro komanso nsapato zimene sizinakwane aliyense m'banja mwathu. Alamuwo, amuna a mlongo wanga, anagwira ukhukhi kwa azungu ena ku Area 10 zaka zambirimbiri. Azunguwo pobwerera kwawo anagulitsa zonse zapamwamba, zotsalazo n'kuwasiyira kuti ndiye zikomo. Ine ndinapsa mtima m'malo mwawo. Munthu wapsa zala zaka zonsezo, mapeto ake n'kupatsidwa zidole za ana? Koma eni ake ankangoseka, chifukwa alamu anali munthu wosadziwa kusunga mkwiyo.

M'katonimo munali bolodi lopinda, lojambulidwa mitsinje ndi madoko. Munalinso timabwato tamatabwa ta mitundu inayi, madayisi awiri ndi mulu wa makadi: a nsomba, a nsalu, a matabwa ndi a mchere. Pansi penipeni panali kabuku ka malamulo, kolembedwa m'chilankhulo chimene palibe anachimva. Aphunzitsi oyandikana nawo nyumba anati n'Chijeremani, ngakhale ndikukayika ngati iwonso ankadziwa zimene ankanena.

Tinali anayi: alamu, aphunzitsiwo, makanika wina wa m'magalaja a ku Biwi, ndi ine telala wa pakhonde la golosale. Kale Lamulungu masana tinkasewera drafuti ya zitsekerero za mabotolo pakhonde pa alamu. Katoni itabwera, drafuti tinaiiwala. Poti malamulo sitinkatha kuwawerenga, tinangopeka athu, ndipo gemuyo tinaitcha Mchere chifukwa makadi a mchere anali ochepa, aliyense ankawalimbirana.

Kapekedwe ka malamuloko kanali ndi mwambo wake. Munthu akafuna lamulo latsopano ankatenga kabuku kaja, n'kukonza pakhosi ngati mlaliki, n'kuloza ndime iliyonse imene chala chagwerapo, amvekere, "Apa buku likuti..." Enafe tikagwirizana nazo tinkayankha kuti, "Palembedwadi." Zikatero alamu ankalemba lamulolo ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba, tonse anayi n'kuchonga pansi pake, tili pomwepo, wina aliyense akuona. Popanda kuchonga kwa anthu anayi, silinali lamulo. Umu ndi mmene buku la Chijeremani linalamulira kuti wa manja a girisi ayambe wasamba asanakhale pansi, ndiponso kuti amene mkazi wake wabwera kudzamuitana gemu ili mkati ataye bwato limodzi. Aphunzitsi anataya mabwato ambiri ndi lamulo limeneli.

Mtima wa gemuyo unali kusinthana. Bwato lako silikanachoka padoko popanda khadi limene lili m'manja mwa mnzako, ndiye umayenera kumunyengerera, kumunamiza, mpaka akupatse. Khadi limodzi linkatha kudutsa m'manja mwa tonse anayi kasanu dzuwa lisanapendeke. Tsono alamu anali ndi chizolowezi: khadi lililonse, pogawa kapena popereka, ankayamba anyambita chala chachikulu. Tinkawaseka nazo zimenezi sabata ndi sabata.

"Alamu, mcherewu muumaliza ndi lilime tisanausewere," ndinkatero.

"Khukhi wosalawa ndi wakupha, alamu," ankandiyankha, n'kunyambitanso mwadala.

Zaka zimenezo, njala yaikulu ija itangodutsa, ku Kawale sabata sinkatha osaona masamba atayalidwa mumsewu posonyeza kuti pali maliro. Ife atelala tinkadziwa amene akupita ena asanadziwe, chifukwa munthu asanapite kuchipatala amayamba wabweretsa thalauza kuti ulibweze m'chiuno. Thalauza la alamu ndinalibweza kawiri m'miyezi itatu. Kachiwiriko anati mlongo wanga wayamba kuwamana ndiwo, tonse tinaseka, koma ine ndinasoka thalauzalo mutu uli pansi.

Kenaka chifuwa chinawakhwimitsa, anagonekedwa kuchipatala. Atatuluka anatiitanitsa Lamulungu loyamba lomwelo. Tinapeza bolodi atayala kale, iwo atavala juzi ngakhale kunali kotentha. M'mbali mwa milomo munali tizilonda toyera. Tisanaponye dayisi anati, "Amuna anzanga, ndisakubisireni. Kuwonjezera pa chifuwachi, ndapezekanso nako kachilombo. Dzina alilemba kuchipatala, ndikudikira mankhwala otalikitsa moyo aja. Basi, tiyeni tisewere." Masiku amenewo anthu sankanena zimenezi ngakhale kwa akazi awo. Ife tinang'ung'udza kuti Mulungu ndi wamkulu, iwo n'kutola makadi, n'kunyambita chala, n'kuyamba kugawa.

Khadi loyamba limene linandifika linali lonyowa pakona. Ndinaligwira ndi nsonga za zala ngati khala la moto. Nditayang'ana anzanga ndinaona kuti makanika wasiya ake patebulo osawatola, aphunzitsi akupukutira chala pabondo mwachinsinsi. Tsiku limenelo palibe amene anapempha kusinthana ndi alamu, ndipo mabwato awo obiriwira anatha gemu yonse ali padoko. Nditafika kunyumba ndinasamba m'manja katatu ndi sopo ndisananyamule khanda lathu la miyezi iwiri.

Sindinganame kuti sindinkadziwa. Wailesi inkanena m'mawa ndi madzulo kuti malovu sapatsira kachilombo. Mlongo wanga anali atatiuza kuti adokotala anena kuti chifuwacho sichingapatsirenso munthu, poti mankhwala ake anali atawamwa nthawi yokwanira. Zonsezo ndinkazidziwa bwinobwino, koma ndinkaopa, ndipo mantha anga sankamvera wailesi.

Lachitatu awiri aja anabwera pakhonde langa. Makanika sanazungulire, anati iye sapitanso, ali ndi ana. Aphunzitsi anati kumuthawa munthu wodwala ndi nkhanza, komabe makadi amenewo sangawagwirenso. Ndiye nzeru inandibwerera, ndipo ndinenetse kuti inali yanga, sindinamizira munthu. Ndinaganiza kuti ndapeza njira yoti tizipitabe, alamu asakhale okha, ifenso tisagwire malovu. Tsiku limenelo ndinadziona wochenjera kwambiri.

Lamulungu lotsatira, alamu asanatole makadi, ndinatenga kabuku kaja. Ndinakonza pakhosi monga mwa mwambo.

"Apa buku likuti gemu yeniyeni imakhala ndi woweruza. Woweruzayo ndi mwini katoni. Saponya dayisi, sagwira makadi, amangoyang'anira kuti pasakhale chinyengo."

"Palembedwadi," anatero aphunzitsi, maso ali pabolodi.

"Palembedwadi," makanika anatsatira mofulumira.

Alamu anatambasula dzanja, ndinawapatsa kabukuko. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali ngati akuwerengadi.

"Ndime iti, alamu?" anandifunsa.

Ndinaloza pakati pa tsamba. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kenaka anandiyang'ana m'maso. Sanakwiye, ndipo zikanakhala bwino akanakwiya, chifukwa mkangano ndimautha.

"Palembedwadi," anatero.

Anatenga pensulo, analemba lamulolo m'mphepete ndi zilembo zawo zopendekeka, n'kuyamba iwo kuchonga. Atatero anatola mabwato awo obiriwira limodzilimodzi, n'kuwabwezera m'katoni. Ife tinachonga motsatizana. Ndinachita manyazi, komabe ndinachonga.

Tinasewera motero masabata atatu. Gemu ya anthu atatu inali yozizira. Doko lachinayi linali lopanda munthu, nsomba zinkangounjikana, ndipo palibe ankaseka. Alamu ankaweruza mwachilungamo, manja atawapanikiza pakati pa maondo. Nthawi zina dayisi ikagubudukira kwa iwo ankaiyang'ana, n'kudikira kuti wina aitole. Kuona zimenezo kunali kowawa kuposa kugwira khadi lonyowa lija. Sabata yachinayi makanika anati kugalaja kwachuluka ntchito. Aphunzitsi anati kwaya yasintha nthawi yophunzira nyimbo. Ine ndinati mayunifolomu andipanikiza. Posakhalitsa atatu tonse tinapezeka pansi pa mtengo kuseri kwa msika, tikusewera drafuti ya zitsekerero, ndipo palibe anafunsa mnzake za galaja kapena kwaya.

Tsiku lina mlongo wanga anaima pakhonde langa, dengu lili pamutu.

"Achimwene, alamu anu amayala bolodi Lamulungu lililonse. Amaika mipando itatu, amakhala mpaka dzuwa kulowa."

"Ndiye ndisiye ntchito? Ana anga adye bolodi?" ndinamukalipira, chifukwa munthu wolakwa ndi amene amakweza mawu.

Anangoti alamu amutuma selotepi, yaikulu ija yomatira makatoni. Ndinalowa m'golosale, ndinamutengera, osafunsa n'komwe kuti ndi yachiyani. Patapita masabata awiri anabweranso kudzafuna ina, ndipo ndinapereka ndi mtima wopepuka, poganiza kuti ndiye ndikuthandiza matenda.

Kukawaona ndinkapita, koma pakati pa sabata, nthochi zili m'manja, n'kuima pakhomo ngati munthu wodikira minibasi. Ulendo womaliza ndinawapeza atagona pamkeka pabalaza, mawu atachepa. Anandikodola kuti ndiyandikire.

"Alamu, Lamulunguli mubwere nonse atatu. Pali ndime ina ndaipeza m'buku."

"Tibwera," ndinatero.

Anzanga ndinawauza. Tinagwirizana kuti tipite Lamulungu linalo, poti limenelo kunali mvula. Kawale yense timayenda m'matope miyezi inayi pachaka, koma tsiku limenelo mvula inatikwanira kukhala chifukwa. Lachisanu lake m'mawa masamba anayalidwa mumsewu wa kwa alamu. Mankhwala aja anali asanawafike.

Tinakawaika kwawo ku Ntcheu. Atatu tonse tinakwera lole, ndipo panjira tinaimba mokweza kuposa aliyense. Abale awo atabwera kudzatenga katundu anatenga matiresi, wailesi, ngakhale ketulo yopanda chivundikiro ija. Katoni anaisiya, ati n'zoseweretsa ana. Mlongo wanga, asanasamukire kwa mayi athu, anabwera nayo pakhonde langa n'kuiika pamakina.

"Alamu anu anati ndikupatseni inu. Tsegulani ine ndili pompano."

Sindinkafuna, koma nkhope yake inali yoti sindikanakana. Nditachotsa chivundikiro, makadi anang'anima. Khadi lililonse linali lomatidwa selotepi mbali zonse ziwiri, m'mphepete modulidwa bwino ndi lezala. Apansi anali osalala ngati ochokera kufakitale. Apamwamba anali okwinyika, odulidwa mokhota, ndipo pamwamba penipeni panali makadi asanu ndi limodzi amene sanawafike. Pakona panali kansalu kopindidwa, kachidutswa ka sopo, ndi chitsekerero cha botolo chimene anaikamo kasiponji.

"Siponjiyo ndi yonyowetsera chala, kuti asamanyambitenso," anatero mlongo wanga. "Ankamata atatu kapena anayi patsiku, manja akunjenjemera. Akamata ankandituma beseni la madzi a sopo, n'kuviikamo khadi kuti aone ngati madzi akulowa. Likalowa madzi ankamatula n'kuyambiranso. Ndinawauza kuti anthu aja sabwera. Anati abwera, akungoopa malovu, ndipo malovuwo ndawapezera njira."

Atanena zimenezo anachoka osatsanzika. Kenaka ndinatsegula kabuku kaja. Pansi pa lamulo langa la woweruza panali lina, lolembedwa ndi dzanja lofooka: "Buku likuti makadi azipukutidwa ndi sopo gemu isanayambe ndiponso ikatha. Akapukutidwa, woweruza aloledwe kusewera." Pansi pake anachonga okha, n'kujambula timizere titatu totisiyira malo.

Ndinalira pakhonde pompo, anthu ogula m'golosale akundiona. Sanafufute lamulo langa ngakhale pensulo inali yawo, buku lawo, khonde lawo. Anangopempha chilolezo kwa ife, mwa mwambo umene tinaupanga pochita nthabwala.

Ndinakaonetsa anzanga aja. Makanika anakana kuyang'ana, anati zapita zapita. Aphunzitsi anawerenga, anavula magalasi, kenaka anapempha pensulo kuti achonge. Ine ndinawakaniza, tinatsala pang'ono kukangana pamsewu. Ndinawakumbutsa kuti lamulo timachonga tonse anayi tili pomwepo, wina aliyense akuona, ndipo nthawi imeneyo tinapatsidwa koma tinaopa mvula.

Katoniyo ndikadali nayo, ili pamwamba pa kabati. Selotepi ija inasanduka yachikasu koma sinamatuke. Ana anga akhala akundipempha kuti ndiwaphunzitse gemuyo, ndimangoti malamulo ake ndi ovuta. Makadi asanu ndi limodzi aja ndinawamata ndekha chaka chomwecho, ndipo sindinawadule bwino ngati mmene ankadulira alamu. Timizere titatu tija tikadali topanda kanthu.