Sikuta Imene Achimwene Anandigulira

Amayi atadwala sitiroko, mbali yonse ya kumanja inafa. Anakana kuchoka m'nyumba yawo ya ku Kabwata, imene anakhalamo ndi malemu atate kuyambira ife tisanabadwe, ndipo inenso sindikanasiya ana anga ku Chelstone. Tsono ndinkalawirira kukawasambitsa ndi kuwadyetsa, n'kupita kuntchito kusitolo ya mankhwala ku Woodlands, madzulo n'kudzeranso ku Kabwata ndisanapite kwathu. Masana ankakhala ndi mayi wina wa kumpingo. Maminibasi ankandithera nthawi, ndipo abwana anga anali atayamba kuyang'ana wotchi ndikamalowa.

Tinabadwa awiri. Achimwene anapita ku Canada kalekale, ndipo amagwira ntchito m'galaja yokonza njinga zamoto zoyenda pa chipale chofewa, zopanda matayala, zokhala ndi timatabwa totsetsereka kutsogolo. Nditawauza za matenda a amayi sananene zobwera. Anangoti, "Gula sikuta. Ndalama nditumiza."

Ndinagula yakale, njinga yamoto yaing'ono, kwa bambo wina wa ku Northmead. Inandithandiza, sindinganame. Koma patapita miyezi ingapo inayamba kuvuta. Ndikaipatsa moto, injini inkalira koma njinga osasuntha, kenako n'kudumpha mwadzidzidzi ngati mbuzi yomasulidwa pachingwe. Ndikafika, miyendo yanga inkanunkha mphira wopsa. Makanika wa pafupi ndi msika anaiyang'ana n'kuti, "Ba sisi, ni pulagi chabe iyi." Anasintha pulagi, vuto osatha.

Madzulo ena ndili pakhonde la amayi ndinawaimbira achimwene foni ya vidiyo. Kwawoko kunali kum'mawa. Nthawi zambiri tikamalankhula ankayankha mwachidule, maso ali kwina, koma nditangotchula za fungo la mphira anakhala tsonga.

"Ilize, uike foni pafupi ndi tayala lakumbuyo," anatero.

Ndinatero. Anamvetsera, mutu utapendekera mbali imodzi.

"Ndi lamba ameneyo. Akuterereka. Njinga zathu kuno zimayendera lamba wa mtundu womwewo. Uli ndi sipanala?"

Ndinatenga masipanala a malemu atate pansi pa bedi. Achimwene ananditsogolera bawuti ndi bawuti mpaka chivundikiro chinachoka. Mkati munali fumbi lakuda lokhalokha. Anandiuza kuti ndipapase m'mbali mwa lamba, ndipo munali mosalala ngati galasi. Anati lamba akafika pamenepo ndiye kuti watha, wachepa, sagwiranso mapule amene amamuzunguza. Anandiuza kuti ndikagule watsopano, ndipale mapulewo pang'ono ndi sandipepa, ndiwatsuke ndi sopo, ndipo mafuta asakhudzepo ngakhale dontho. Ankaseka, akundionetsa lamba wa njinga imene ankakonza, wamkulu ngati dzanja langa. Chichokereni sindinawamvepo akulankhula nane nthawi yaitali chotero.

Zenera la chipinda cha amayi linali lotsegula. Ndinawamva akuitana ndi lilime lawo lolemera lija. Anali atazindikira mawu a mwana wawo.

"Achimwene, amayi akukumvani. Ndilowe nayo foni?"

"Dikira kaye, tibwezeretse chivundikiro kusanade."

Titamaliza anati abwana awo alowa, adzaimba Lamlungu. Lamlungu sanaimbe. Ndinawauza amayi kuti netiweki inavuta.

Lamba ndinakamupeza ku Kamwala, nditazungulira masitolo tsiku lonse Loweruka, ndipo ndinamuika ndekha. Njinga inayamba kunyamuka bwino. Kenako kumbuyo kunayamba kugunda. Pa hampu iliyonse ndinkamva ngati wina wandimenya ndi thabwa m'chiuno. Ndinawatumizira uthenga achimwene, ndipo anaimba nthawi yomweyo. Anati ndikanikize mpando n'kuusiya. Unanjanja kangapo usanaime. Anati ndiyang'ane shoko, chitsulo cha sipuling'i cha pa tayala lakumbuyo, ngati ikudontha mafuta, ndipo inalidi yonyowa, fumbi litamatirira. Anandiuza kukula kwa shoko yoti ndigule, ndi momwe ndingaimangire kuti igwirizane ndi kulemera kwanga.

Ndinazindikira kuti uthenga wonena za amayi unkagona masiku osayankhidwa, koma wonena za sikuta unkayankhidwa ndisanabweze foni m'chikwama. Tsiku lina, ali mkati mofotokoza za mpweya wa m'matayala, ndinangolowa m'chipinda n'kuloza foni pankhope ya amayi.

"Muli bwanji, amayi?" anatero achimwene.

Amayi anayesa kuyankha. Mlomo unakokekera kumbali, malovu n'kutsikira pachibwano. Ndinawapukuta ndi chitenje. Nditayang'ananso pa foni, achimwene anali akuyang'ana pansi.

"Mukuduka-duka, sindikukumvani," anatero, n'kudula.

Mvula itayamba, handulo inayamba kunjenjemera ndikamakhota. Achimwene anati ndi mabering'i a pakhosi pa njinga, ndisinthe msanga. Nthawi yake ndinalibe. Amayi anali atayamba zilonda zapamsana, ndipo Loweruka lililonse linkathera kuchipatala. M'mawa wina ndikukhota pa raundabauti ya Kabwata, msewu uli wonyowa, kutsogolo kunagwedezeka ndipo ndinapezeka pansi. Khungu la mkono wamanzere linasupuka kuyambira pachigongono. Ndinadzuka, anthu anandithandiza kuimitsa njinga, ndipo ndinakawasambitsa amayi ndi dzanja limodzi. Nditawauza pa foni, achimwene anafunsa ngati ndathyoka. Nditati ayi, anati, "Ndinakuuza za mabering'i aja. Tandionetsa handulo ngati sinapindike."

Amayi anamwalira mvula isanathe. Apo ndiye achimwene anabwera, atanenepa, imvi zitayamba. Anandikumbatira pageti, koma m'chipinda cha amayi sanalowemo. Tsiku lachiwiri la maliro, azimayi tili m'nyumba tikuimba nyimbo za kumpingo, ndinamva injini ikulira kuseri. Nditatuluka ndinapeza achimwene atagwada pafumbi, malaya oyera atawapinda m'mikono, chivundikiro cha sikuta chili pambali. Azibambo anali atasiya mipando yawo n'kuwazungulira.

"Bwela uone," anandiitana. "Lamba uyu unamuika chobwerera. Ukuona muvi uwu? Uyenera kuloza kutsogolo."

"Wayenda choncho chaka chonse," ndinatero.

"N'chifukwa chake wadyeka mbali imodzi."

Ndinabwerera m'nyumba. Kumanda, mkulu wa mpingo polankhula anawayamika kwambiri achimwene. Anati ana ena akapita kunja amaiwala kwawo, koma uyu anagulira mlongo wake njinga kuti mayi asasowe chisamaliro. Anthu anavomereza ndi mitu. Za ine anati ndinali mwana womvera.

Azakhali anandiuza pambuyo pake kuti ndisawaweruze achimwene, amuna ena amalira ndi manja. Anati kumanga mabawuti kuja ndiko kunali kulira kwawo. Mwina n'zoona. Koma amayi anakhala chaka ndi miyezi akutembenuzira mutu kuzenera foni yanga ikangolira, ndipo amene ankafunafuna bodza loti awauze ndinali ine.

Achimwene asanabwerere ku Canada anasintha mabering'i aja, anagula lamba wina, naiyesa njinga mumsewu wa kumsika. Inkayenda mosalala kuposa tsiku limene ndinaigula. Sindinaikwerenso. Ndinaigulitsa kwa bambo wina wopereka zakudya m'maofesi a m'tauni, ndipo ndinabwerera ku maminibasi.

Patapita mwezi achimwene anaimba n'kufunsa momwe sikuta ikuyendera. Ndinawauza kuti ndinaigulitsa. Ndinadikira, ndikuganiza kuti mwina tsopano tikambapo za amayi.

"Wogulayo unamuuza kuti asamanyamule katundu wolemera?" anafunsa. "Shoko ija ndi yofewa."