Chevuloleti ya a Shaba Inatsala M'mbuyo

Pa boma la Mzimba zaka zimenezo, anthu okhala kuseri kwa msika sankadikira tambala kuti adziwe kuti kwacha. Ikakwana sikisi koloko, a Zondwayo Shaba ankatuluka atavala ovolosi yawo yothimbirira ndi mafuta, n'kulowetsa hendulo pamphuno pa galimoto, n'kupukusa kawiri. Kachitatu sankafikako. Injini inkatsokomola kamodzi n'kuyamba kung'ung'udza, amayi n'kudziwa kuti nthawi yodzutsa ana asukulu yakwana.

Galimotoyo inali Chevuloleti ya pikiapu ya chaka cha 1947, yobiriwira ngati mpiru. A Shaba anaipeza ku Chikangawa, kumene anagwira udalaivala zaka khumi ndi zinayi mpaka tsiku limene chipika cha paini chinagubuduka pa lole n'kuwaphwanya mwendo. Bwana wawo wachizungu pobwerera kwawo anawasiyira galimotoyo, kaya chinali chisoni kaya kusowa wogula. Mwendowo kuponda kilatchi unkatha, koma kuyenda mtunda ayi. Choncho anatsegula kagalaja pansi pa mtengo wa mango, n'kumakonza njinga zamoto ndi malole a anthu. Akazi awo, a Doris NyaTembo, galimotoyo ankaitcha mkazi mnzawo, poti sopo wabwino ankathera iyo.

Koma ntchito yeniyeni ya Chevuloletiyo inali maliro. Ambulansi inkanyamula odwala okha, ndipo a malole a matabwa akamva za mtembo ankapeza chonamizira msanga. Ndiye munthu akatsirizika ku chipatala cha pa boma, abale ankadziwa khomo logogoda. A Shaba anaperekeza maliro ku Champhira, ku Manyamula, m'midzi yosafika msewu, ndipo sanakanepo ndi tsiku limodzi lomwe. Anali ndi kachitidwe kawo kosasintha. Ukanyamula thupi la munthu suthamanga, giya yachiwiri basi. Ukafika sumangotsitsa ngati matumba a chimanga n'kutembenuka. Umakhala pansi pamodzi ndi operekeza mpaka akuluakulu a mudziwo alandire maliro ndi mawu, anene okha kuti dalaivala angathe kupita.

Mwana anali naye mmodzi, Ellen. Ena atatu anapita ali makanda. Ellen anakwatiwa ndi Themba, kalipentala wofatsa wa mpingo uja wokana kugula khadi la chipani. M'chaka cha 1972 anyamata a chipani anapita kunyumba kwawo masana dzuwa likuswa mtengo, akutsogoleredwa ndi tcheyamani wa nthambi, Lyson Ngwira. Anatentha nyumba, mipando yosamaliza kupala, ndi nkhokwe yomwe. Ellen ndi mwamuna wake anathawira ku Zambia kudzera m'tchire, iye ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

A Shaba sanalire. Anthu anayembekeza kuti mwina adwala, mwina ayamba kachasu, koma ayi ndithu. Anangosiya kuseka, n'kusiyanso kukwiya. Munthu akawabera sipanala ankagula ina. Chakudya ankadya osafunsa kuti ndiwo n'chiyani. Nkhani za mwana wawo zinkabwera ndi Bennet, wamalonda wapanjinga amene ankadutsa malire m'tinjira ndi mchere ndi sopo. Iyeyo ndiye anawanong'oneza kuti kwabadwa mtsikana, ndipo akukhala m'mudzi wina pafupi ndi Lundazi.

Lundazi! Malo oti galimoto inyamuka m'mawa, masana yafika. Koma m'tinjira ta Bennet mwendo uja sukanatha, ndipo bambo wa mwana wokana khadi akapemphe pasipoti? Kumeneko kukanakhala kudzipereka yekha. Zaka ziwiri zinatha choncho.

Njira inabwera ndi munthu amene simungamuganizire. Anthu olemera ali ndi matenda awoawo, ndipo a Gordon, mzungu wa ku minda ya tiyi ku Thyolo, matenda awo anali magalimoto akale. Iwo ndi anzawo ku Blantyre anali ndi kalabu yawo, yomapukuta zikhakha zimene ena akanazisandutsa khola la nkhuku. Ulendo wina akupita ku Nyika, Austin yawo inafera pa Mzimba. A Shaba anadula gasiketi pachikuto cha failo yakale, n'kuipaka girisi, galimoto n'kulira. Koma a Gordon maso anali pa Chevuloleti. Anaizungulira katatu, anagwada n'kusuzumira kunsi, anapempha kupukusa hendulo okha. Itayaka anaseka ngati mwana.

M'chaka cha 1974 kalata yawo inafika. Kalabu inali ndi ulendo wa ku Zambia mwezi wa Ogasiti: magalimoto khumi ndi awiri, kulowera pa chipata cha malire kupyola Jenda, kudutsa Lundazi ndi Chipata, mpaka ku chionetsero cha magalimoto akale ku Lusaka. Ankafuna Chevuloleti ikhale nawo, komanso ankafuna makaniko. Za pasipoti a Shaba asade nkhawa, kalabu inapeza chikalata chimodzi cholembapo mayina onse ndi manambala a magalimoto, dzina lawo lili pomwepo. Chofunika n'chakuti onse awoloke pamodzi. Akumane pa Jenda Loweruka, leveni koloko m'mawa.

A Shaba anawerenga kalatayo kawiri, n'kuipinda, n'kupita kukamaliza kumanga buleki ya njinga ya mphunzitsi. Madzulo ake ndi pamene anauza akazi awo.

“Ndidutsa pa Lundazi, NyaTembo.”

A Doris anakhala pansi pomwe anaima. Kenako anadzuka n'kuyamba kukonza. Bennet anatumidwa ndi mawu: Ellen akaime pamalo omwetsera mafuta pa Lundazi Loweruka limenelo, ayang'ane galimoto yobiriwira, akuidziwa. A Doris anagula tinsapato tofiira kwa mmwenye, atayeza phazi la mwana wa oyandikana nawo wobadwa mwezi womwewo. Anatikulunga m'chitenje chatsopano pamodzi ndi mtedza wokazinga, n'kulowetsa kunsi kwa mpando wa dalaivala. A Shaba anatsuka mapulagi, anasintha mafuta, anapukuta galimoto mpaka munthu n'kumadziona nkhope pachitseko.

Loweruka lija injini inayaka sikisi koloko monga mwa masiku onse. Ikutenthera, pachipata panaima munthu, chipewa chili m'manja. Anali Lyson Ngwira. Sanavale malaya ofiira a chipani, anali ndi jekete lakuda lomuthina, maso ali psuu.

“Odi, adada a Shaba.”

“Fikani, a Ngwira.”

Lyson ananjuta pafupi ndi tayala. “Amama atisiya m'bandakucha kuchipatalaku. Bokosi tapeza. Mbwenu tikusowa chotengera kupita kwathu ku Manyamula. Ndapota nanu, adada.”

A Doris anali pakhomo ndi beseni la madzi. Anawaitanira amuna awo kuseri kwa nyumba.

“Kanani.”

“Ndikane maliro?”

“Maliro a mayi wa munthu amene anatentha nyumba ya mwana wanu! Kanani, a Shaba. Muuzeni kuti galimoto yafa.”

“Akuimva ikulira.”

“Ndiye muuzeni kuti muli ndi ulendo!”

A Shaba anayang'ana wotchi. “Ku Manyamula si kutali. Ndikatula, ndidzera ku Embangweni, leveni ndili pa Jenda.”

Musaganize kuti anali mantha okha. Mantha analipo, ndani analibe zaka zimenezo? Koma ngakhale akanabwera wopemphetsa wa pamsika, a Shaba akanavomera chimodzimodzi. Mawu okana maliro m'kamwa mwawo munalibe. Ndipo masamu awo anali olondola ndithu, akanakhala kuti anyamula matabwa.

Kuchipatala anadikira kuti amayi amalize kusambitsa thupi. Kenako ananyamuka, bokosi kumbuyo, amayi asanu ndi atatu atalizungulira akuimba, Lyson atakhala kutsogolo pambali pawo. Msewu unali wa fumbi ndi mabampu. Phazi la a Shaba linkafuna kuponda, koma dzanja silinachoke pa giya yachiwiri. Akathamanga bokosi lidumpha, ndipo mayi wachikulire wosalakwa agunda mutu m'matabwa. Lyson ankalira mwakachetechete, misozi ikugwera pampando umene kunsi kwake kunali tinsapato.

Anafika naini itapitirira. Bokosi linalowa m'nyumba, amuna anakhala pansi pa mtengo, a Shaba nawo anakhala. Woyenera kulandira maliro anali malume wa Lyson, ndipo malumeyo anali atapita kudimba kutsidya kwa dambo, uthenga usanamupeze. Anatuma munthu. Atabwera anayamba wasamba m'mapazi. Kenako woperekeza anafotokoza matenda kuyambira tsiku limene gogoyo anayamba kutsokomola, wina n'kubwereza zomwezo kwa malume, malume n'kubwereza kwa mudzi wonse, ngati kuti onsewo sanali pamtengo umodzi womwewo.

Galimoto inali poteropo, yoyang'ana kumsewu, hendulo ili pamalo pake. Palibe akanawagwira a Shaba akanadzuka. Anatulutsa wotchi kamodzi, inali teni koloko ndi theka. Anaibweza m'thumba ndipo sanaitulutsenso. Sanamve kupsa mtima, sanamvenso chisoni. Ankangoyang'ana nyerere zikukoka chiwala chakufa pafupi ndi nsapato yawo.

Malume atanena kuti dalaivala angathe kupita, dzuwa linali pamutu. Lyson anawaperekeza mpaka pagalimoto, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

“Yewo chomene, adada. Mulungu akudalitseni.”

“Yewo,” anatero a Shaba.

Chevuloleti inathamanga tsiku limenelo kuposa zaka zake zonse, mpaka madzi a mu ladiyeta anawira kawiri. Pa Jenda panalibe galimoto ngakhale imodzi. Anapitirira mpaka pachipata cha malire, anafika thu koloko itadutsa. M'fumbi munali mikwasa ya matayala owonda, yambirimbiri, yolowera kutsidya. Mlonda wa pachipata anali munthu waulemu. Anati azungu aja anadikira ola lathunthu ndi theka, mmodzi wamtali anali kumangokwera pachulu kuyang'ana kumsewu. Chikalata anapita nacho, ndipo popanda icho iye sakanatha kukweza mtengo wotchinga msewu.

A Shaba sanachonderere. Anakhala m'galimoto kanthawi manja ali pachiwongolero. Kenako anatsika, anathira madzi mu ladiyeta, anapukusa hendulo, n'kutembenuka. A Doris atamva injini ikulowa pabwalo dzuwa likupendeka, sanatuluke m'nyumba.

A kalabu anabwerera kudzera ku Mchinji, choncho pa Mzimba sanadutsenso. Patatha milungu itatu kunabwera envulopu yochokera ku Thyolo. Munali kalata ndi chithunzi. Pachithunzipo panali magalimoto khumi ndi limodzi atandandalika pamalo omwetsera mafuta pa Lundazi, eni ake atavala zipewa, akumwetulira. Cha kumapeto kwenikweni, theka la phewa litadulidwa, panaima mayi wowonda atanyamula mwana m'chiuno. Onse ankayang'ana wojambula kupatula iyeyo. Nkhope yake inaloza kumsewu wochokera ku Malawi. Mwanayo anali wopanda nsapato.

A Doris anagwira chithunzicho nthawi yaitali. Chingerezi sankachidziwa, ndiye anafunsa.

“M'kalatamo akuti bwanji?”

“Akuti ulendo unayenda bwino. Austin inapata mphoto yachiwiri ku Lusaka. Akuti anandisowa, pampu ya wina inavuta pa Chipata.”

“Basi?”

A Shaba anayang'ananso pepalalo. Anawerenga ndi mawu omwe ankatchulira mtengo wa pulagi.

“Akuti pa Lundazi panali mayi wina amene anayendera galimoto iliyonse, kusuzumira mkati. Anafunsa za yobiriwira. Akuti sanafune kumukhumudwitsa, ndiye anamuuza kuti ili m'mbuyomu, ikubwera.”

Bennet atabwera mwezi wotsatira anamaliza nkhaniyo. Ellen anaima pamalo paja Loweruka lonse, Lamulungu, ndi Lolemba. Lachiwiri mwini malo anamuthamangitsa. Mvula isanagwe, anthu a mpingo wawo anasamutsidwa m'midzi ya m'malire, ndipo kumene analowera Bennet sanakudziwe. Anafunsafunsa chaka chonse, kenako anasiya.

A Gordon analembanso chaka chotsatira za ulendo wina, wa ku Salisbury. A Shaba sanayankhe. Maliro anapitiriza kunyamula monga kale, giya yachiwiri, kukhala pansi mpaka akuluakulu alankhule. A Doris anasiya kuitcha galimotoyo mkazi mnzawo, ankangoti “icho”. Mtedza uja unadyedwa ndi mbewa, koma chitenje ndi tinsapato palibe anazichotsa kunsi kwa mpando.

Zaka zinapita, magalimoto atsopano anachuluka pa boma, anthu anayamba kugogoda makomo ena. Komabe sikisi koloko iliyonse a Shaba ankatuluka, kupukusa hendulo kawiri, n'kuisiya injini itenthere. Tsiku lina Bennet, tsitsi litayamba kale imvi, anawapeza atakhala m'galimotomo injini ikulira, osapita kulikonse.

“Adada, mafuta mukungotentha chabe. Kodi mukupita kuti?”

A Shaba sanatembenuke.

“Anamuuza kuti ndikubwera,” anatero.